Mu fayilo ya mayi alembamo DNR, kodi manesi awataya?

Funso ili lachokera kwa mchemwali wina wa ku Bangwe, ndalidula pang'ono koma nkhani yake ndi iyi: "Mayi anga a zaka 68 agonekedwa pa chipatala china muno mtauni, ali ndi khansa ya khomo la chiberekero ndipo adokotala akuti inafalikira mpaka impso zayamba kufooka. Dzana ndikuwasintha zofunda ndinaona pa fayilo palembedwa DNR, nditajambula nkutumizira achimwene amene ali ku Joni andiyankha kuti achipatala awasiya kuti afe chifukwa ndife osauka. Amalume nawo akuti tiwatulutse tipite nawo ku mapemphero. Gadiyani ndine ndekha, tulo sindikuliona. Kodi manesi apitiliza kuwasamala kapena basi zatha?"

Achemwali, pepani kaye ndi matendawa, komanso pepani kuti nkhani yaikulu chonchi mwaidziwira pa pepala muli ndi chitenje m'manja. Pamenepo ndiye ife achipatala timalakwitsa kawirikawiri, timalemba mu fayilo nkuiwala kukhala pansi ndi eni ake odwala. Ine ndine nesi, ndagwira zaka zambiri mu mawodi a akuluakulu ndipo mbali yaikulu ya zakazo ndakhala ndi odwala amene matenda awo sachizika, nde ndikuyankhani mmene ndimayankhira magadiyani anga tikakhala pa benchi kunja kwa wodi.

Mayi sanatayidwe. Zilembo zitatuzo zikuimira mawu achizungu akuti do not resuscitate, ena amalemba DNAR kapena DNACPR, ena amangoti not for resus, koma zonsezo zikuletsa chinthu chimodzi chokha basi: mtima ukadzaima ndi kupuma kukadzasiya, tisadzawapange CPR. Mankhwala, kuwasambitsa, okosijeni, kuwaona pa raundi, zonsezo DNR siikhudzako olo pang'ono.

Mwina CPR munangoionera mu mafilimu, munthu akumudina pachifuwa kawiri katatu kenako wakhosomola wadzuka nkuyamba kulankhula. Zenizeni zake sizili choncho. Wodwala timamugoneka chagada pamalo polimba, munthu mmodzi amaika manja onse awiri pakati pa chifuwa nkumadina ndi thupi lake lonse, chifuwa chizilowa mkati masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka ka 120 pa mphindi imodzi, akadina ka 30 wina amapopera mpweya kawiri ndi chibaluni chija, jakisoni wa adrenaline akulowa mumtsempha, pena kulowetsa chubu pakhosi, pena kuwomba magetsi pachifuwa ngati mashini alipo ndipo mtima uli mu mtundu wa kagundidwe kamene magetsi amathandiza. Odinawo timasinthana mphindi ziwiri zilizonse chifukwa ndi ntchito yotulutsa thukuta. Nthiti kuthyoka si ngozi yachilendo ayi, zimachitika pafupipafupi makamaka kwa okalamba ndi amene matenda anawadya thupi.

Njira yodina pachifuwayi inayamba kufala m'chaka cha 1960, akatswiri a pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore atailemba, ndipo inali ya munthu amene mtima wake waima mwadzidzidzi pomwe thupi lonse likadali ndi mphamvu, monga wogwidwa ndi magetsi, womira m'madzi, kapena amene mtima wadodoma ali pa opaleshoni. Kwa oterowo CPR ndi chinthu chamtengo wapatali ndipo ndaonapo anthu akutuluka m'chipatala ndi miyendo yawo. Koma olo ku maiko olemera kumene ali ndi chilichonse, mwa odwala amene mtima umaimira m'chipatala nkupangidwa CPR, amene amatuluka amoyo ndi mmodzi pa anayi kapena asanu alionse. Kwa munthu wa khansa yofalikira amene impso zikufooka, mwayiwo umatsikiratu pansi kwambiri. Chifukwa chake nchosavuta kumva: kwa mayi anu mtima sudzaima chifukwa mtimawo wadwala, udzaima chifukwa thupi lonse latopa. Khansa ya khomo la chiberekero ikakula imapanikiza timachubu tiwiri timene timatenga mkodzo kuchokera ku impso kupita mchikhodzodzo, zoipa zimayamba kuunjikana m'magazi, nde olo titaudzutsa mtimawo kwa mphindi khumi, chimene chaugwetsa chikadali pompo.

Ndikuuzeni zimene zinandisintha ine maganizo. Ndili nesi wachichepere, pa naiti ina pa chipatala chimene ndinkagwira nthawi imeneyo, tinali ndi agogo aamuna a khansa ya prostate imene inali italowa m'mafupa, oonda mpaka lamba wa buluku ankamanga ndi chingwe. Mu fayilo munalibe chilichonse chokhudza CPR, ndipo lamulo lathu ndi lakuti ngati sipanalembedwe kanthu timayamba. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha kupuma kunasiya. Tinawatulutsa agogo aakazi amene anagona pansi pa bedi pa katoni kwa masabata atatu, tinakoka sikirini, ine ndi amene ndinayamba kudina. Kudina kwachitatu ndinamva kuti tswa pansi pa dzanja langa, ngati mukuthyola nthambi youma ya chinangwa, kenako inanso. Tinapitiliza mphindi zoposa 20 pachabe. Titatuluka tinawapeza agogo aakazi ataima pakhomo, sanalire mokuwa, anangondifunsa kuti "mwana wanga, nanga bwanji simunandisiye ndiwagwire dzanja?" Ndinalibe yankho. DNR ikalembedwa bwino ndipo nthawi ikadalipo, imateteza zimenezozo, kuti munthu asapite ali pakati pa alendo akumudina, wake ali kunja.

Za achimwene a ku Joni, ndikuwamvetsa, munthu ukakhala kutali ndipo mayi ako akudwala chilichonse chimaoneka ngati chiwembu. Ndipo sindinama kuti kuno zonse zilipo, mabedi a ICU, wodi ya odwala mwakayakaya, mu Blantyre muno ndi owerengeka, mankhwala ena amatha, aliyense akudziwa. Koma DNR siinabwere chifukwa cha umphawi. Zipatala zolipira zimalemba, ku Johannesburg komwe aliko amalemba, ku London amalemba tsiku ndi tsiku kwa anthu a ndalama zawo. Mayi akanakhala pa bedi ya ICU ndi mashini onse, khansayo ikanakhala yomweyo. Komanso DNR si kupha munthu. Kupatsa wodwala mankhwala ndi cholinga choti afe ndi mlandu muno m'Malawi olo atapempha yekha, ndipo palibe nesi amene amaphunzitsidwa zimenezo.

Tsopano ku funso lanu lenileni, kuti nanga manesi timatani ndi wodwala wa DNR. Kunena zoona ntchito imachuluka kuposa kale, chifukwa zimene zatsala ndi zija zimene zimafuna manja ndi maso a nesi.

Choyamba ndi ululu, ndipo apa nditalikitsa chifukwa mpamene mabanja ambiri amatisokonekera. Timatsatira makwerero a mankhwala a ululu amene a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, anakhazikitsa mu 1986, kuyambira panado, kukwera mpaka mofini ululu ukakula. Mofini wamadzi uja wakumwa amaperekedwa pa nthawi yake, kawirikawiri maola 4 alionse, osati kudikira kuti wodwala ayambe kubuula ndiye tizithamanga. Ululu uli ngati moto wa tchire, kuuzimitsa ukadali kamoto nkosavuta koma ukakolera umavuta. Magadiyani ambiri akamva dzina loti mofini amabisa botolo, amati ndi mankhwala omalizitsa. Chimene chimachitika nchakuti anthu ambiri amayambitsidwa mofini mochedwa, atatsala masiku awiri, nde akamwalira abale amaloza botolo. Mofini woperekedwa pa mlingo woyenera safupikitsa moyo, ndili ndi odwala amene amwa mofini miyezi yambiri akugulitsa tomato wawo pa msika. Masiku awiri atatu oyamba amagonetsa ndipo ena amachita nseru, zimenezo zimatha zokha kapena ndi mankhwala. Chimene sichitha ndi kudzimbidwa, nde aliyense wa mofini ayenera kukhala ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi monga bisacodyl, ndipo papaya amathandizanso. Kwa mayi anu pali kanthu kena kofunika: impso zikafooka mofini amachedwa kuchoka m'thupi, choncho mlingo umachepetsedwa kapena maola amatalikitsidwa. Mukaona akugona osadzuka olo muwagwedeze, kapena manja akudzidzimuka okha, kapena akupuma pang'onopang'ono kwambiri atangomwa, itanani nesi pompo, musadikire raundi ya mawa.

Kenako khungu. Munthu wogona malo amodzi amachita zilonda pa mchira wa msana, m'mbali mwa chiuno, pa zidendene, ndipo chilonda chotero chikayamba kuchiza kwake nkovuta. Timayenera kuwatembenuza maola 2 alionse, kuika pilo kapena chitenje chopinda pakati pa mawondo ndi pansi pa akakolo kuti zidendene zilendewere, kuyala shiti yosakwinyika, ndipo asagone mwachindunji pa pulasitiki. Pamene pafiira kapena pada kuposa khungu lozungulira ndipo pakutentha, pamenepo mpamene chilonda chikubwera. Ntchito iyi kwathu kuno timagawana ndi inu magadiyani, nesi mmodzi pa naiti amatha kukhala ndi odwala makumi angapo, nde mupempheni akuonetseni kamodzi katembenuzidwe kogwiritsa ntchito shiti kuti musadzithyole msana.

M'kamwa ndi malo amene aliyense amaiwala. Wodwala akasiya kudya bwino m'kamwa mumauma, lilime limachita zoyera zija ngati chambiko, kumeza kumawawa. Kansalu koyera kokulunga pa chala, madzi ofunda otsinira kamchere pang'ono, kupukuta mano ndi lilime kangapo patsiku, vaselini pa milomo. Zoyerazo zili ndi mankhwala ake, nystatin kapena GV wapepo uja. Zimaoneka zazing'ono koma munthu amene m'kamwa mwake mwayera amatha kulankhula, ndipo masiku ano mawu a mayi ndi amene mukuwafuna.

Pali nkhani ina imene azimayi a khansa iyi amachita nayo manyazi mpaka amakana alendo, fungo ndi zotuluka kumaliseche. Ndanena poyera dala chifukwa ili ndi thandizo. Fungolo limabwera ndi tizilombo timene timakonda malo opanda mpweya, ndipo metronidazole, Flagyl yemweyu, amalichepetsa kwambiri, pena timapereka wakumwa, pena timapera mapilitsi nkuika pamalopo. Kuwatsuka mofatsa, kusintha nsalu kapena pampasi msanga, kutsegula windo, ena amaika makala m'mbale pansi pa bedi. Ngati mkodzo ukungodontha kapena ukukanika, katheta imathandiza. Magazi akamatuluka, khalani ndi chitenje kapena thawulo ya mtundu wakuda pafupi, magazi pa nsalu yoyera amaopsa onse wodwala ndi owaona, ndipo muitane nesi. Zonsezi tikamachita timakoka sikirini ndipo timawauza kaye mayi chimene tikufuna kuchita, olo akuoneka ngati sakumva. Ndi mayi a anthu, si bedi nambala chakuti.

Chakudya ndiye nkhondo ya m'mabanja onse. Kwathu kuno chikondi ndi nsima, nde wodwala akakana phala gadiyani amaona ngati walephera ntchito, azakhali akabwera amati mukuwamana. Thupi likamafika kumapeto njala imachoka yokha, si njala imene ikuwafooketsa, ndi matenda amene achotsa njala. Apatseni chimene akufuna, masipuni awiri a phala, kathobwa, kanthochi, tiyi, akakana musiye. Kukakamiza munthu wosinza kumeza kumalowetsa chakudya m'mapapo nkuyambitsa chibayo. Diripi nayonso anthu amaiona ngati chizindikiro choti achipatala akugwira ntchito, ndipo pena imathandizadi, koma impso zikamakanika kutulutsa madzi, diripi imatupitsa miyendo ndi kudzaza madzi m'mapapo, munthu nkumabanika. Nde mukaona diripi yachotsedwa funsani chifukwa, nthawi zambiri chilipo.

Ndipo matenda ena akabwera timachiza. Malungo timayeza nkupereka mankhwala. Shuga akatsika timakweza. Matenda a m'chikhodzodzo, maantibayotiki. Magazi akachepa mpaka akubanika, adokotala akhoza kuona ngati kuwaonjezera magazi kungawapepukitse. Akatsamwa ndi chakudya timawathandiza msangamsanga, kutsamwa si chimene DNR ikunena.

Apa ndisabise, kulekerera kumene achimwene akuopa kumachitikadi pena, osati chifukwa lamulo likutero koma chifukwa anthu ndife ofooka. Ine ndemwe ndinachitapo. Tsiku lina wodi itadzaza, ndikuzungulira ndi thirole ya mankhwala ndinadumpha bedi ya mayi wina wa DNR, mumtima ndikuti ndibwerera, awa safulumira. Sindinabwerere. Sisita wamkulu anandiitana pa handova, sanakuwe, anangonditengera pa bedipo nkukweza bulangete, mayiwo anali atanyowa kuyambira m'mawa ndipo mofini wa 10 koloko anali asanamwe. Anandiuza kuti enawa mawa aliko, awa mwina ali ndi lero lokha, ndiye woyamba ndi ndani. Manyazi ake ndimawamvabe. Choncho inu yang'anani zinthu zooneka ndi maso: kodi mankhwala a ululu akubwera pa nthawi yake, kodi pa raundi adokotala akuima pa bedi ya mayi nkuwalankhula, kodi mukaitana akubwera. Ngati ayi, yambani ndi nesi wa pa shifitiyo mwaulemu, zikakanika sisita woyang'anira wodi, kenako ametironi. Zipatala za boma zili ndi ofesi ya ombudsman wa pachipatala yolandira madandaulo, ndipo pamwamba pa tonse manesi pali bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Kudandaula sikuchotsera mayi chisamaliro, musaope zimenezo.

Wolemba DNR ndi dokotala, si nesi, ndipo imayenera kulembedwa momveka, ndi chifukwa chake, tsiku ndi siginecha, kuti wa pa naiti asamaganizire. Si chidindo chosafufutika, wodwala akapeza bwino kapena zinthu zikasintha imaunikidwanso. Ndipo munthu woyamba kufunsidwa, ngati mutu wawo ukugwira, ndi mayi eni ake. Ndikudziwa kuti kwathu timati wodwala asauzidwe, angataye mtima, ndipo nkhani zotere zimadikira mwini mbumba. Amalume ali ndi malo awo ndipo musawadumphe. Koma pa zaka zonsezi sindinaonepo mayi wachikulire amene sankadziwa kuti thupi lake likupita kuti, amangokhala chete kuti ateteze ana, ana nawo ali chete kuti ateteze mayi, nyumba yonse ikunamizana mwachikondi. Sitiwakakamiza kumva zimene sakufuna, timayamba ndi kufunsa kuti "amayi, inu matendawa mukuwaona bwanji?" ndipo zimene amayankha zimadabwitsa ana awo. Nkutheka kuti adokotala analankhula nawo kale inu mutapita kukatenga madzi otentha, afunseni.

Chimene ndingakulangizeni nchakuti mupemphe kukumana ndi dokotala wamkulu wa mu wodimo pamodzi ndi sisita, amalume akhalepo, achimwene muwaike pa WhatsApp pa sipika amve okha ndipo afunse okha mafunso awo, chifukwa kumva kudzera mwa inu sangakhutire ndipo mapeto ake mlandu udzagwera inu. Funsani kuti chifukwa chiyani CPR singathandize, chimene chikuchitidwabe nchiyani, ndipo akuona kuti nthawi yatsala yotani. Ngati simunakhutire muli ndi ufulu wopempha kuti dokotala wina awaonenso.

Za mapemphero, ine ndimapemphera ndipo sindingakuletseni, abusa, ansembe, ashehe, amayi a chigwirizano amabwera mu wodi ndipo timawapatsa mpata. Chimene ndimakana ndi kuwanyamula mayi pa minibasi kapena pa kabaza ali mu ululu, kukawagoneka pa simenti usiku wonse, mankhwala atawataya kuti ndi kusowa chikhulupiriro. Odwala otero amabwerera patapita masiku atatu ali ndi zilonda ndipo akukuwa. Kupita kunyumba pakokha si kulakwa, ambiri amafuna kukamalizira kwawo akumva tambala wa pakhomo pawo ndi phokoso la zidzukulu, koma atuluke mwadongosolo, ndi mofini wokwanira, zolembedwa mu buku lawo la kuchipatala, inu mutaphunzitsidwa kasamalidwe, ndipo mukudziwa kokatenga mankhwala akatha. Mu Blantyre muno tili ndi mwayi, ku Gulupu kuli kiliniki ya Tiyanjane imene yakhala ikugwira ntchito yomweyi ya chisamaliro chochepetsa ululu kuyambira 2003, ya ana ndi Umodzi, ndipo dziko lonse kuli bungwe la PACAM loyang'ana za chisamaliro chimenechi. Pemphani kuti mayi awatumize kwa a chisamaliro chimenechi, pachizungu amati palliative care, ngati sanawaonepo. Ntchitoyi inayambitsidwa ndi Cicely Saunders, amene anali nesi asanakhale dokotala, anatsegula St Christopher's ku London mu 1967, ndipo ankaphunzitsa kuti ululu si wa thupi lokha, nkhawa ya ana, ya ngongole, ya munda, ya kwa Mulungu, zonse zimawawa. Nde musadabwe akadzayamba kufunsa mayi za zidzukulu m'malo mwa BP.

Ndikuuzeninso zimene mungadzaone, kuti zisadzakudzidzimutseni muli nokha pakati pa usiku. Kugona kumachuluka, mkodzo umachepa, manja ndi mapazi zimazizira, pena amalankhula ndi anthu amene anatisiya kale, musawatsutse. Kupuma kumasintha, amapuma mofulumira kenako nkuima masekondi angapo nkuyambanso. Pakhosi pamamveka kulira ngati madzi akuwira, ndi malovu amene sakumezedwa, amakuvutitsani inu omva kuposa iwo, timawagoneka cham'mbali, kupukuta m'kamwa, pena jakisoni wa hyoscine. Makutu amakhala akumvabe olo maso atatsekeka, choncho alankhuleni, ayimbireni nyimbo yawo ya ku mpingo, foni ya achimwene muiike pa khutu. Kupuma kukadzasiya itanani nesi. Adzabwera, adzamvera mtima, adzaitana dokotala kapena kiliniko ofesa kuti atsimikize ndi kulemba nthawi, koma sadzakutulutsani kunja ndipo sadzadina pachifuwa. Tidzawatseka maso, kuwongola miyendo ndi manja, kuchotsa katheta ndi zina, kuwapukuta, ndipo mukafuna kuthandiza nawo mudzaloledwa.

Mwati tulo simukuliona. Uzani amalume lero lomwe kuti akutumizireni munthu wosinthana naye, kaya ndi azakhali kaya mayi wa ku mpingo, olo mausiku awiri pa sabata, mupite ku Bangwe mukasambe mukagone pa bedi. Musanachoke mulembe pa kapepala maola a mofini ndi a kutembenuza, mumusiyire wotsalayo pamodzi ndi nambala yanu, ndipo mumuuze nesi wa pa naiti kuti usiku uno pa bedi ya mayi pali wina.